Chilimwe chimene mwana wanga anaonda

Amene anayamba kundiuza nkhaniyi ndi mnzanga wa ku Luapula, amene ankagulitsa kapenta pafupi ndi tebulo langa la salaula, zovala zija za kaunjika, pa msika wa Kabwata. Tsiku limenelo anafika mochedwa, anatula dengu lake osandipatsa n'komwe moni.

"Ba neba, imwe a ku Chipata mumatinena ife kuti ndife akawalala. Lelo namuona mwana wanu ku Woodlands, ali mu kabudula, athamanga monga galu wakuba nyama. Nayang'ana kumbuyo kwake, kulibe munthu. Waba chani?"

Ndinaseka. Ife a kummawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timanyozana pamsika, paukwati, ngakhale pamaliro, ndipo palibe amene amakwiya. Iwo amatinena kuti timadya mbewa, ife timawanena kuti amadya anyani ndiponso ali ndi manja aatali. Ndinamuyankha kuti mwina mwanayo anaona Mubemba akuyandikira thumba lake. Koma nditayamba kuyala malaya a ana patebulo, ndinadzifunsa ndekha. Munthu wamkulu, wovala tayi, athamangirenji mumsewu popanda womupirikitsa?

Ameneyu ndi mwana wanga wachisamba. Nthawi imeneyo anali kalaliki pa kampani ina m'tauni, ndipo anali ndi thupi, inu. Mimba inkatsogola, khosi linkadzaza kolala. Akamatsika minibasi madzulo, anzanga pamsika ankandigwedeza kuti, "Abwana anu awo." Ine ndinkathokoza Mulungu mumtima, chifukwa zaka zimenezo makampani a boma ankagulitsidwa ndipo amuna ambiri ankabwerera kunyumba dzuwa lili pamutu, ntchito itatha. Bambo ake anali mmodzi wa iwo. Anauzidwa kuti akapume, ndipo anapumadi, pampando wa pakhonde, wailesi ili pamwendo, mpaka tsiku lina mkono unagwa ndipo pakamwa panapotoka. Adokotala anati ndi bipi. Tinawaika m'manda kutatsala chaka chimodzi kuti chifike chilimwe chimene ndikunenachi.

Madzulo a tsikulo ndinamufunsa mwanayo ngati zimene ananena mnzanga wa kapenta zinali zoona. Sanabise. Anati amadzuka mbandakucha ine ndisanatsegule chitseko, amazungulira ku Libala ndi ku Woodlands, n'kubwera kudzasamba. Nsapato zimene ankathamangira ndinamupatsa ndine. Zinatuluka pansi pa belo la salaula, zoyera, za mphira wokhuthala, ndipo ndinkati azivala Loweruka akamapita kukaona mpira.

"Ukuthamangira chiyani?" ndinatero.

"Thupi lipepuke, amama."

"Linakulemera liti? Ndani wadandaula?"

Anangoseka, n'kundifunsa ngati madzi osamba alipo.

Amene munalipo zaka zimenezo mukudziwa chimene ndinayamba kuopa. M'masitolo munali mutadzaza katundu amene kale tinkamuimira pamzere, zipani zinali zitachuluka, aliyense ankalankhula zimene akufuna, koma kumanda a Leopards Hill magalimoto a maliro ankadikirana pageti. Matendawo sitinkawatchula dzina. Ena ankati kadoyo. Abemba anali ndi dzina lawo limene tanthauzo lake ndi lakuti pita ukatsanzike amako. Chizindikiro chake aliyense ankachidziwa: kuonda. Ife a salaula tinkayamba kudziwa abusa asanadziwe. Mkazi akabwera kudzafuna thalauza laling'ono la mwamuna amene chaka chatha anamugulira lalikulu, sindinkafunsa kanthu. Ndinkangomukulungira bwinobwino, n'kumutchula m'pemphero pochoka.

Ndiye ndinayamba kumuyang'ana mwana wanga ndi maso a salaula. Kolala inayamba kusiya mpata. Matako a thalauza anayamba kulendewera. Tsiku lina ndikusesa kuchipinda kwake ndinapeza lamba ali ndi mabowo atsopano, oboola ndi msomali. Ndinakhala pabedi pake lamba ali m'manja, ndipo maganizo anandiuza chinthu chimene sindinauze munthu aliyense: mwanayu ndi wochenjera ngati bambo ake. Wadziwa kuti ayamba kuonda, ndiye wapeza chonamizira. Akufuna kuti Kabwata yense amuone akuthamanga, kuti mafupa akadzaonekera anthu adzati n'kuthamanga.

Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ankachita chinkandiuza zomwezo. Anagula njinga kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, njinga yopyapyala, matayala ngati chala, yopanda kaliya. Njinga imene singanyamule thumba la makala kapena wodwala wopita kuchipatala, ndi njinga yanji? Iye anati imapumitsa mawondo masiku amene sakuthamanga. Ine ndinati, ehe, miyendo yayamba kukana. Kenako ndinapeza chibonga chosalala kuseri kwa chitseko, ndipo ndinayamba ndaganiza za akuba. Anandifotokozera kuti ndi cha masewera amene Mjapani wina wa kuntchito kwawo ankawaphunzitsa Loweruka pabwalo lina ku Woodlands. Umamenya kampira kolimba, n'kutaya chibongacho, n'kuthamanga mozungulira mpaka kubwerera pomwe unayambira.

"Zako zonse n'zotero," ndinamuuza. "Kutuluka thukuta n'kubwerera pomwe unachokera, m'manja mulibe kanthu."

"Nanga inu kutchalitchi mumabwerako ndi chiyani m'manja?"

"Usandiyese, iwe. Ndidzakumenya ndi chibonga chakochi."

Tinaseka tonse, koma ine ndinkayang'ana mano ake ndi nkhama, ngati muli zilonda.

Panalinso kawailesi ka kaseti kamene ankamangirira m'chiuno, kokhala ndi timawaya topita m'makutu. Mayi wina wa kumpingo kwathu, amene mwana wake ankadziwa zinthu zimenezi, anandinong'oneza pa mapemphero a Lachinayi kuti nyimbo za magitala olira ngati mphaka wopondedwa ndi za anthu a Satana. Ndinadikira tsiku lina mwanayo ali kubafa, ndinayamba ndapemphera, n'kuika timawayato m'makutu mwanga. Inu, sizinali za Satana. Zinali nyimbo zija za anyamata a ku migodi, a tsitsi lalikulu ndi mathalauza otambalala kumapazi, zimene bambo ake ankavina pamene ankandifunsira, ine ndisanadziwe yunifolomu ya kumpingo. Gitala analira, ng'oma inagunda, ndipo ndinawaona amuna anga ali mnyamata, akupotoza chiuno pa holo ya ku Kabwata, thukuta lili kamukamu. Ndinazimitsa msanga. Munthu wina akanatonthozedwa, koma ine ndinati, mwana amene akumvera nyimbo za bambo ake akufa m'mawa uliwonse, kodi si ndiye kuti akukonzekera kuwatsatira?

Mwina mukuti bwanji sindinangomufunsa. Mayi safunsa mwana wamwamuna funso limenelo. Kumufunsa n'kulowa kuchipinda kwake, n'kumufunsa amene anagona naye. Amene akanamufunsa ndi amalume ake, koma anali kumudzi ku Katete, ndipo nkhani yotere sungatumize ndi kondakitala wa basi. Ndinkangozungulira. Ndinkathira mafuta ambiri m'ndiwo, iye n'kumawapatula ndi supuni. Ndinkamvetsera ngati akutsokomola.

Iye ankaoneka wosangalala, ndipo chimenecho chinkandisokoneza kwambiri. Madzulo ena a mwezi wa Okutobala, kukutentha moti malata ankalira okha, anakhala pa sitepe akuchapa nsapato zija, n'kuyamba kundisimbira.

"Amama, Lusaka simuidziwa. Inu mumaidziwa ya fumbi ndi maminibasi. Dzuwa lisanatuluke ku Kabulonga kumakhala zii, maluwa a jakaranda ali mbwee pamsewu, alonda akusinza pamageti, mipope ikuthirira kapinga pamene ife kuno tikudikira madzi. Ukachedwa pang'ono, phula limakuphika mapazi. Poyamba thupi limakana, limakuuza kuti bwerera, ndiwe wamisala. Ukalikanira, limatopa n'kukangana nawe, ndiye mumayenda limodzi."

"Ndiye mpikisano wothamanga umene ndamva kuti walembetsawo, wopambana amalandira chiyani?"

"Ine sindingapambane. Opambana ndi anyamata a ku usilikali, owuma ngati nsungwi. Ife ena timangofuna kumaliza."

"Ukamaliza?"

"Amatipatsa sikipa."

"Sikipa! Ine ndili ndi belo lonse."

Chimene chinkandilemera kwambiri n'chakuti panali mwana wa eni ake. Mwana wanga anali atatomera mtsikana wa ku Chelstone, wa Chibemba, mphunzitsi wa ana aang'ono, wamanyazi koma wosapusa. Amene ankayendetsa zonse kwawo anali azakhali ake, mayi wamkulu thupi wochokera ku Kitwe, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Tsiku limene tinakadziwana, nyengo yozizira, anandilandira pageti akufuula kuti, "Bisani mbewa za m'nyumba, a ku Chipata afika!" Ine ndinati ndabwera kudzaona ngati nyani wa pa ukwati amumanga kale. Tinagwirana m'manja mpaka misozi. Pamenepo mwana wanga anali adakali ndi mimba yake, ndipo azakhaliwo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Uyu ndiye mwamuna, osati twina tumene mphepo itenga." Kuchokera tsiku limenelo anali asanamuonenso.

Abemba ali ndi mwambo umene amati chilanga mulilo. Akuchikazi amaphika zakudya zonse za kwawo, n'kuzinyamula pamutu, ng'oma zikulira, kupita nazo kwa mkamwini. Amamuonetsa mbale imodziimodzi kuti adziwe zimene azidya m'banja lawo, ndipo iye akadya, ndiye kuti walandira banjalo. Azakhaliwo anasankha Loweruka lina kumapeto kwa mwezi wa Okutobala womwewo. Mwana wanga atamva tsikulo anagwira mutu.

"Amama, mawa lake ndi mpikisano. Zamafuta ndi zachilendo zikandipotoza m'mimba panjira."

"Ukauze Abemba kuti asinthe tsiku chifukwa cha sikipa? Udzadya. Ngakhale ufe nazo, udzadya."

Mawu amenewo atatuluka ndinaluma lilime.

Anabwera masana, dzuwa likuswa mtengo, ndi kalole kodzaza azimayi. Anatsikira pakona kuti Kabwata yense aone. Mabeseni okulungidwa m'zitenje anali pamitu, ng'oma kutsogolo, nthungululu mpaka agalu anathawa. Mnzanga wa kapenta anali pakati pawo akuvina ngati ukwati ndi wake. Azakhali analowa pakhomo akuimba, atandiona anafuula kuti abweretsa chakudya chenicheni kuti mwana wa eni alawe zosakhala ndi mchira. Kenako anatembenuka n'kumuona mkamwini wawo atakhala pampando pakati pa anzake awiri.

Suti yake ndinali nditaibweza ndi singano, koma mapewa sindikanachita nawo kanthu. Inkaoneka ngati yobwereka. Ndinaona maso a azakhali akutsika pa kolala, pa manja, pa mawondo otuluka m'thalauza. Nyimbo sanaisiye, koma mawu ake ankangotuluka okha.

Anamasula zitenje, anamusambitsa m'manja, n'kuyamba kumuonetsa. Nkhuku yathunthu, nsomba zouma za ku Luapula zothira nsinjiro, chikanda, masamba otendera amene amati ifisashi, mphalabungu zimene amati finkubala, bowa, mbatata, ndi chakumwa chawo cha munkoyo m'chigubu. Ine ndili pakhomo la khitchini ndinkangoti, Ambuye, mutsegulireni pakamwa. Iye anatsina kambatata. Ananyema kachidutswa ka nkhuku kosakwana kudyetsa mwana wa mphaka, n'kuchotsanso khungu. Finkubala anangoziyamikira ndi mawu. Atamupatsa munkoyo ananyowetsa milomo n'kupempha madzi. Anzake aja ankadya ngati abwera kudzalanditsa dziko, koma palibe amene ankawayang'ana. Azimayi anayamba kuyang'anana. Ng'oma inafooka.

Anthu akukonzeka kubwerera, azakhali anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpope. Anapinda bondo pang'ono, manja ali pamodzi.

"Amai, tathokoza ngako pa kutilandila bwino, mukwai. Ife taona kuti ana asafulumile. Tiyeni tiyembekeze mvula ipite, ndiye tizakambilana za tsiku."

Ndinadikira kuti atchule mbewa. Sanatchule. Mubemba akayamba kukulemekeza, dziwa kuti zinthu zaipa. Ndinamva zimene sananene: tiyeni timuone ngati adzafika kokolola. Ndipo sindikanawatsutsa, chifukwa akanakhala mwana wanga wamkazi, inenso ndikanapinda bondo chimodzimodzi.

Mawa lake linali Lamulungu, ndipo ine sindijomba kutchalitchi ngakhale ndi malungo. Tsiku limenelo ndinajomba. Mwanayo anachoka kusanache. Ine ndinamanga chitenje, ndinakwera minibasi, n'kukatsika ku Kabulonga, kumene anati adzadutsa pobwerera. Ndinati ngati agwe, agwe amake ali pafupi. Pansi pa mtengo wina ndinapeza mtsikana uja ataima yekha, botolo la madzi lili m'manja, maso ali otupa. Anandigwadira pa fumbi pomwepo. Ndinaima pambali pake.

Oyamba kudutsa anali anyamata owuma aja, mapazi osamveka n'komwe. Patapita nthawi kunabwera ena, azungu ofiira ngati nyama, Mmwenye wina amene ndinkamudziwa ku sitolo ya nsalu, atsikana a malaya ofanana, ngakhale mdala wina wa imvi mutu wonse. Wanga kunalibe. Dzuwa linali litakwera, phula likunyezimira. Ndinayamba kutchula salimo la m'busa chamumtima, kulimaliza n'kuliyambanso.

"Uyo, amama," anatero mtsikanayo.

Ankabwera pang'onopang'ono, pakamwa pali yasa, m'masaya muli mchere woyera, timawaya tili m'makutu. Analandira botolo osaima, anamwa, otsalawo anadzithira kumutu. Atandiona maso anatuluka, anakweza dzanja, n'kupitirira. Ndinamuyang'ana kumbuyo. Miyendo inali yowonda, koma m'katumba munali mitsempha yolimba ngati ya wokoka ngolo ku msika wa Soweto. Odwala amene ndinawasamalira m'mudzi mwathu miyendo yawo sinkatero. Koma mtima wokayika sumva zinthu msanga.

Tinamupeza pabwalo lomalizira atagona chagada pa kapinga, sikipa yake yatsopano ataphimba nayo kumaso. Ndinakhala pansi pambali pake. Ndinaganiza za amalume ake amene ali kutali, ndinaganiza za bondo la azakhali aja, ndiye ndinasiya mwambo.

"Mwanawe, ine ndine amako, ndinakusambitsa. Undiuze pamaso pa mwana wa eni akeyu. Kodi uli nako kadoyo kaja?"

Anachotsa sikipa kumaso, anandiyang'ana. Kenako anadzuka n'kukhala.

"Ndiye zimene mwakhala mukuyang'ana m'kamwa mwanga?"

"Yankha."

Anayankha ndi mtsikanayo. "Amama, tinapita tonse kukapimitsa tisanauze akulu za ukwati. Tili bwino tonse awiri. Ba anti ndinawauza dzulo lomwelo. Akuti za kuchipatala azimva, koma maso awo sanawanamizepo."

"Nanga kuondaku?"

Mwana wanga anayamba kumasula zingwe za nsapato, osandiyang'ana. "Titaika atate, kuntchito kunabwera anesi kudzatiyeza. Anandimanga chinthu chija pamkono, anapopa, anachotsa, n'kumanganso. Kenako anandifunsa ngati kwathu kuli amene anagwapo. Anati mimba ija ndi mchere ndi mpando zindipititsa komwe anapita atate, ndipo sizidikira kuti ndikalambe. Mankhwala ndimamwera kuofesi."

"Osandiuza ine?"

"Ndikanatchula bipi m'nyumba muja, inu mukuyang'anabe mpando wa pakhonde, mukanagona tulo?"

"Nanga mmene ndinkaganiza zinazi ndinkagona?"

"Sindinkadziwa kuti mukuganiza zimenezo, amama. Ndinkayesa mukungodana ndi kabudula."

Ndinafuna kumumenya, ndinafuna kumufungatira ngati khanda, koma anali wonyowa ndi thukuta ndipo panali anthu. Ndinangomukoka khutu. Ndinene zoona, ndinamukhulupirira ndi mbali imodzi ya mtima. Mbali inayo inati, bipi ndi dzina labwino, ambiri anaikidwa m'manda ndi dzina limenelo pamene tonse tinkadziwa.

Titafika kunyumba anasamba, n'kupempha zotsala za dzulo. Inu, anadya. Nkhuku ija anaimaliza mpaka kuphwanya mafupa, chikanda, nsomba, finkubala zimene anazikana pamaso pa anthu ankazitapa ndi dzanja, munkoyo anapendeketsa chigubu. Ine ndinaima pakhomo ndikuyang'ana kumsewu ngati kungadutse Mubemba ngakhale mmodzi. Ndinati, Ambuye, mboni mwazipititsa kuti? Ngakhale mnzanga wa kapenta anali kutchalitchi.

Mvula inayamba, ukwati uli chiimire. Mtsikanayo sanabweze mawu ake, ngakhale kwawo ena ankamuuza za mnyamata wina wonenepa wogwira ku banki. Mwana wanga sanapite kukadandaula kwa wina aliyense. Anangosintha njira. Loweruka lililonse ankathamanga kuchokera ku Kabwata mpaka ku Chelstone, m'matope, maminibasi akumuwaza madzi, n'kukadutsa pageti la azakhali aja. Mkamwini saonekera kwa apongozi ali m'kabudula, ndiye sankalowa. Ankangowomba m'manja ali kunja kwa mpanda, n'kupereka moni mokweza, n'kutembenuka. Mtsikanayo anandiuza kuti katani ya pawindo inkagwedezeka nthawi zonse, koma yankho silinkatuluka.

Azakhaliwo anabwera pamsika kangapo m'miyezi imeneyo, ati kudzaona madiresi. Ankandipatsa moni wa ulemu, kufunsa za kunyumba, ine n'kuyankha mwaulemu. Mnzanga wa kapenta ankangoyang'ana kumbali, chifukwa ulemu wathuwo unkamuchititsa manyazi. Tonse awiri tinkadikira chinthu chimodzi, wina ku Chelstone, wina ku Kabwata. Ine ndinkayang'ana tsitsi lake ngati layamba kufewa, khungu ngati latuluka zidzolo. Anadwala chimfine kamodzi, ndipo ndinasala kudya mpaka chinatha. Kuonda kunaima pamene kunafika. Lamba sanaboolenso.

Mvula itatha, chimanga chachiwisi chitayamba kusowa pamsika, azakhali anabweranso. Sanapereke moni. Anayamba kuvundula mulu wa zovala za ana, anatulutsa kathalauza ka mwana wa sukulu ya mkaka, n'kukakweza m'mwamba kuti msika wonse uone.

"Iyi ndiye saizi ya mkamwini wanga? Imwe a ku Chipata mulibe nsoni! Mbewa zinasila ku munzi kuti mwana muzimudyetsa mphepo? Loweluka lililonse anidutsila pa geti monga ngongole, agalu anga aonda na kumuuwa. Bweletsani tsiku, tikamudyetse ife anthu odziwa kuphika."

Ndinafuna kuyankha bwino, koma ndinangokwanitsa kunena kuti nyani wawoyo amuphike ndi mchere wochepa, mwana wanga ali ndi bipi. Mnzanga wa kapenta anaimba nthungululu mpaka amene ankagulitsa makala anabwera kudzafunsa kuti wabadwa ndani. Ine ndinakhala pa belo n'kulira ngati pamaliro, azakhali akunditukwana kuti ndikunyowetsa katundu.

Anakwatirana nyengo yozizira. Abemba anayesetsa, koma sananenepe mpaka lero. Azakhali aja anamwalira akumutchulabe kuti chikoti, ndipo pamaliro awo ife a kummawa tinawanyoza mokwanira, monga mmene akanafunira. Mwana wanga tsopano ali ndi imvi, mawondo amalira akamakwera sitepe, njinga ija ndi imene amaikonda masiku ano, koma chilimwe chikafika amalembetsabe mpikisano n'kukamaliza kumbuyo, n'kubwera ndi sikipa ina. Nyimbo za bambo ake anaziika mufoni, ndipo akabwera kudzandiona amanditsegulira pang'ono, ine n'kumanamizira kuti sindikuzifuna. Akawerama kuti andipatse moni, maso anga amapitabe pa kolala. Chizolowezi chimenecho ndidzapita nacho kumanda.

Ambiri amene tinkawayang'ana zaka zimenezo sankathamanga ayi, anaonda mpaka kumanda, ndipo amayi awo ndimakumana nawo kutchalitchi. Sindidziwa chifukwa chake Mulungu anandisiyira wanga, ndimangothokoza. Inu amene mwawerenga izi, mukagwada mutikumbukireko ife a banja lino: mwana wanga ndi bipi yake, mpongozi wanga amene anadikira mvula yonse ija, ndi mdzukulu wanga wamkazi, amene chaka chino wayamba kudzuka mbandakucha kutsatira bambo ake. Mupemphe kuti oyendetsa maminibasi aziwaona.